Ndani Aika Mtengo wa Cimanga?

Caka ndi caka, m'miyezi ya May ndi June, pamene cimanga cacoka m'munda ndi kuunjikidwa pabwalo, mtengo wace utsika. Ndipo pofika January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ca m'munda cisanakhwime, mtengo ukwera. Ici cidziwika kwa mwana yemwe wa kumudzi. Koma alipo anthu amene ayesa kuti mtengo utuluka m'mutu mwa wogula, ndi kuti wogula akakhala wa mtima wabwino mtengonso ukhala wabwino. Si tero ai.

Pa masika alimi a dziko lonse akolola mwezi umodzi, ndipo onse asowa ndarama mwezi womwewo. Wina afuna za sukulu, wina ali ndi ngongole ya feteleza, wina afuna bulangeti popeza cisanu cafika. Ogulitsa acuruka, ogula acepa; tsono wogula safulumira, pakuti adziwa kuti akakana thumba ili, lina liri m'njira pa njinga. M'January zinthu zitembenuka: ofuna cimanga acuruka, ndipo iye amene anasunga ndiye anena mtengo. Mphamvu pa msika iri ndi munthu amene akhoza kudikira, ndi amene ali ndi kwina kopita akakana mtengo umene wamva.

Kukhala ndi kwina kopita ndico cimene ophunzira za cuma acicha mpikisano. Pa mseu waukuru wa ku Lusaka, pa Katete kapena pa Petauke, ogula asanu akapacika masikelo ao pamalo amodzi, yense aopa kuti mlimi apitirira kwa mnzace, cotero aonjeza mtengo pang'ono. Koma kumudzi wa kutsidya kwa mlato wogumuka, kumene galimoto imodzi yokha ifika, mlimi alandira cimene wauzidwa, kapena abwerera ndi ngolo yace yodzala. Komanso si kutsika konse kwa mtengo kumene kucokera ku umbombo. Kucokera ku Chipata kufika ku zigayo zazikuru za ku Lusaka kuli makilomita oposa 550, ndipo Lundazi ali kutali koposa. Mafuta a galimoto alipiridwa ndi thumba lomwelo la cimanga.

LAMULO LA 1935

Mkangano wa mtengo wa cimanga m'dziko lino unayamba kale. Pamene migodi ya mkuwa inatsegulidwa ku Copperbelt kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anchito zikwi anafuna ufa, ndipo alimi Acizungu a m'mbali mwa njanji anayesa kuti msika umenewo ndi wao. Koma Atonga a ku Mazabuka ndi Monze anali ndi ng'ombe, anagula makasu a ng'ombe, nayamba kutengera cimanga cambiri ku njanji. Tsono malonda a dziko lonse lapansi anagwa, migodi yina inatsekedwa, mtengo wa cimanga unatsika, ndipo Azungu anadandaula ku Boma la Northern Rhodesia. M'caka ca 1935 Boma linaika lamulo la cimanga, ndipo m'1936 bungwe lochedwa Maize Control Board linayamba nchito. Cimanga ca m'maboma a m'mbali mwa njanji cinayenera kupita kwa wogula mmodzi ameneyu. Msika wa m'dziko, umene unali ndi mtengo wabwino, unagawidwa panai: magawo atatu kwa Azungu, amene anali owerengeka, ndi gawo limodzi kwa eni dziko onse. Mlimi wakuda analandira mtengo wocepa pa cimanga cofanana ndi ca Mzungu; ndipo kuyambira 1949 ndarama zotsalazo zinalowa m'thumba la Boma lochedwa African Farming Improvement Fund, m'mene munacokera mphotho ya alimi ocepa otsata malangizo a alangizi. Lamulo limene linanenedwa kuti licinjiriza mtengo linali lamulo loletsa mpikisano, ndipo oletsedwa anali iwo amene analima mochipa.

Dziko la kum'mawa, pokhala kutali ndi njanji, linadalira nshawa ndi fodya koposa cimanga, ndipo m'zaka za m'ma 1950 alimi a ku Petauke ndi Katete anali kale ndi magulu ao a cigwirizano ogulitsa nshawa pamodzi.

MASIKU A NAMBOARD

Dziko litalandira ufulu m'1964, Boma la Dr. Kenneth Kaunda linacotsa tsankho la khungu, koma wogula mmodzi linamsunga, nilimkuza. M'1969 linakhazika NAMBOARD, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 linalamula kuti mtengo wa thumba ukhale umodzi m'dziko lonse, kwa mlimi wa pafupi ndi Lusaka ndi wa ku Chama yemwe. Akuluakulu amene akumbuka masiku aja ndi cisomo sanama. Madepoti anafika kumidzi yakutali, feteleza anali wochipa, mbeu ya SR52 inabala kwambiri, ndipo anthu a kum'mawa anasanduka alimi akuru a cimanga, namanga nyumba za malata, naphunzitsa ana ao.

Koma ndarama zotengera cimanga ca ku Lundazi kufika ku Ndola zinacokera m'thumba la Boma, ndipo Boma lomwelo linagulitsa cimangaco kwa eni zigayo pa mtengo wotsika kuti ufa wa m'matauni ucipe. Thumba limenelo linadzazidwa ndi mkuwa; mtengo wa mkuwa utagwa m'1975, linayamba kuuma. Ndipo panali nthenda yina, imene igwira wogula aliyense wopanda mnzace womlanda malonda: sanali ndi cifukwa cofulumirira. Matumba opanda kanthu anafika mocedwa, malipiro anafika mocedwa, ndipo zaka zina mvula yoyamba inapeza milu ya cimanga ikali pa depoti. Mlimi analibe kwina kopita. Pakuti cimanga cokha cinali ndi msika wotsimikizika, ambiri anasiya mapira, mawere ndi cinangwa, mbeu zimene zipirira cirala.

Pamene Boma linayesa kukweza mtengo wa ufa m'December 1986, ku Copperbelt kunabuka cipolowe, anthu nafa. Linayesanso m'June 1990, ndipo cipolowe cinagwa m'Lusaka. NAMBOARD inathetsedwa m'1989, nchito yace inapatsidwa kwa magulu a cigwirizano, amenenso analibe ndarama zokwanira. Boma latsopano la Frederick Chiluba, limene linalowa m'1991, linatsegula msika kuti aliyense wofuna agule.

Akale anati, walira mvula walira matope. Pafupi ndi mseu ogula anacuruka, ndipo analipira tsiku lomwelo, cinthu cimene NAMBOARD siinacidziwa. Kumidzi yakutali madepoti anatsekedwa ndipo panalibe wolowa m'malo mwace, koma munthu wa cikwama ndi sikelo ya m'manja, amene anthu amucha wa briefcase, wofika m'April cimanga cikali caciwisi, nasinthanitsa meda ya cimanga ndi mcere kapena salaula. Wogula mmodzi wa Boma anacoka, wogula mmodzi wa pa njinga nalowa.

OGULA A MASIKU ANO

Lamulo la 1995 linabala Food Reserve Agency, imene alimi aicha FRA. Poyamba nchito yace inali kusunga cakudya ca tsiku la njala, koma kuyambira 2005 inaloledwa kugula cimanga monga wamalonda wamkuru, ndipo mtengo umene ilengeza caka ndi caka ndiwo anthu onse ayang'anako. Zaka zokolola bwino za 2010 ndi 2011 inagula cambiri koposa malo osungira, ndipo cina cinabvunda pansi pa matenti. FRA igula cimanga couma cokha, ca madzi osapitirira magawo 12 ndi theka mwa 100, cifukwa cace madepoti ace satsegulidwa msanga, ndipo kawirikawiri alimi adikira malipiro masabata kapena miyezi. Wa briefcase apambana apa. Mtengo wace ndi wocepa, koma afika poyamba ndi ndarama m'manja.

Zaka ziwiri zionetsa bwino m'mene zinthu ziyendera. M'2016 mtengo wa FRA unali K85 pa thumba la makilogaramu 50. Alimi analimbika, mvula inagwa bwino, ndipo m'2017 dziko linakolola matani 3.6 miliyoni. Koma Boma linali litaletsa kutulutsa cimanga kunja, ndipo pamene linatsegula malire maiko oyandikana anali atakolola nawonso. FRA inalengeza K60, ndipo ambiri anagulitsa pansi pa pamenepo. Kutseka malire ndiko kucotsa ogula a ku Congo ndi a ku Malawi pa mzere, ndipo ogula akacepa mtengo ugwa. M'2024 kunali cirala coopsa, kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza tsoka la dziko lonse. Zokolola zinatsika kufika matani 1.5 miliyoni, kucokera pa oposa 3.2 miliyoni a caka capita. FRA inapereka K330, koma m'midzi yambiri munalibe thumba logulitsa.

Pano pali cinthu cimene ciiwalika pa misonkhano. Ofufuza za ulimi apeza kuti theka la cimanga cimene alimi ang'ono agulitsa licokera kwa mabanja owerengeka okha, a minda yaikuru ndi ng'ombe. Ndipo mabanja ambiri a kumudzi agula cimanga cambiri m'caka koposa cimene agulitsa. Mtengo wokwera ukondweretsa mwini matumba 200, koma mai wamasiye wa matumba asanu, amene agulitsa awiri m'May ndi kugula atatu m'February ndi ndarama za ganyu, aluza kawiri. Kwa iye funso loyamba ndi ili: kodi m'nkhokwe mutsala cofika masika?

SIKELO, NKHOKWE NDI GULU

Mlimi sakhoza kutsegula malire, kapena kugwetsa mvula. Koma zilipo zimene ziri m'manja mwace, ndipo coyamba ndi muyeso. Sikelo yakuba makilogaramu 2 pa thumba liri lonse yadya thumba lathunthu pa matumba 25. Meda yophwanyidwa kunsi kuti ikule, nidzazidwa mpaka kusefukira, ndiyo yoipa koposa, pakuti palibe adziwa kulemera kwace. Bungwe la Boma la Zambia Metrology Agency liyesa masikelo a malonda ndi kumatapo cizindikiro, ndipo mlimi sacimwa akafunsa kuona cizindikiroco. Ndiponso lamulo la mpikisano la 2010 liletsa amalonda kupangana mseri za mtengo. Ogula asanu opangana mau amodzi asanduka wogula mmodzi, ndipo mlandu wotere umveka ku Competition and Consumer Protection Commission.

Koma cilungamo ciyang'ana mbali zonse. Cimanga caciwisi, ca madzi magawo 18 mwa 100, cikauma kufika pa muyeso wa FRA citaya makilogaramu atatu pa thumba. Wogula wodula mtengo pa cimanga cotere sanabe. Wakana kugula madzi. Ndipo wogulitsa wothira mcenga kapena zitsononkho pansi pa thumba aononga mbiri ya mudzi wonse, pakuti caka ca mawa wogula adula mtengo kwa onse kuti adzicinjirize.

Kudikira nako kuli ndi mtengo wace. Anankafumbwe, makoswe, ndi kacirombo kaja koboola ndi mitengo yomwe ya nkhokwe, kamene kanalowa m'dziko kucokera ku Tanzania m'zaka za m'ma 1990, zikhoza kudya phindu lonse la miyezi isanu ndi umodzi. Cimanga cosungira January ciyenera kuuma bwino, kutongoledwa, ndi kuthiridwa mankhwala kapena kumangidwa m'matumba osalowa mpweya. Ndipo si caka ciri conse cimene mtengo ukwera kwambiri. Caka ca zokolola zambiri ndi malire otseka, wosunga akhoza kupeza kuti wadikira cabe. Wanzeru agulitsa pang'ono pa masika kuti atseke zosowa, nasunga cotsala.

Mutu umodzi susenza denga. Munthu wa matumba 15 sakhoza kuitana galimoto ya matani 30, pakuti ifuna matumba 600; koma alimi 40 otere akhoza, ndipo pamenepo akhoza kuimba lamya kwa ogula atatu a ku Chipata ndi kufunsa yense mtengo wace. Kumeneko ndiko kubweretsa mpikisano kumudzi kumene sunafike wokha. Komatu magulu ambiri a cigwirizano afa, ndipo ena akhala ndi moyo mwezi umodzi wokha pa caka, mwezi wolandira feteleza wa Boma. Cimene ciwapha kawirikawiri ndi kayendetsedwe kace. Wapampando akhala yemweyo zaka khumi, msungi wa cuma ndi mphwace, buku lisungidwa m'nyumba mwao, ndipo palibe afunsa poopa kucita mwano kwa akuru. Gulu limene likhalitsa liyesa thumba liri lonse pamaso pa mwini wace ndi kumpatsa kalata, liika ndarama ku banki kumene zituluka ndi manja a anthu awiri kapena atatu osakhala a banja limodzi, ndipo liwerenga buku lace mokweza pa msonkhano, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe amve matumba amene analowa, mtengo umene wogula analipira, ndi ndarama zimene galimoto inadya.