Chaka cha Bungwe la Hockey la M'chigawo: Phunziro la Kayezedwe ka Ntchito

Chaka chikamapita kumapeto, mabungwe a zamasewero amaitanitsa misonkhano yawo ikuluikulu ya pachaka. Pamisonkhano yotere, chimene chimakopa maso ndi chikho. Wapampando amachinyamula m'mwamba, osewera amajambulitsa, anthu n'kuwomba m'manja. Komatu chikho chimapezeka masana amodzi, pomwe chaka chili ndi masiku 365. Phunziro lino likufotokoza ntchito zimene bungwe la masewero a hockey la m'chigawo liyenera kugwira m'masiku ena onsewo, ndiponso mmene anthu a m'wodi angadziwire ngati bungwelo lagwiradi ntchito kapena langoonetsa chikho.

Nkhaniyi ikukhudza chitukuko pa zifukwa ziwiri. Choyamba, masewero amafuna malo, ndipo malo opanda nyumba akunka natha chifukwa cha mapuloti ndi minda. Chachiwiri, hockey sabweretsa ndalama zambiri za pachipata monga mpira wamiyendo. Bungwe lake limakhalapo chifukwa cha dongosolo ndi khama la anthu ongodzipereka. Motero ndi chitsanzo chabwino kwa komiti iliyonse yogwira ntchito ndi ndalama zochepa, kaya ndi ya mjigo, ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'mudzi.

Masewerowa mwachidule

Hockey ndi mpira womenya ndi ndodo yopindika kumapeto. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11, kuphatikizapo goloboyi. Bwalo lake ndi la mamita 91.4 m'litali ndi mamita 55 m'lifupi, ndipo masewero amatenga mphindi 60 zogawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 15. Wosewera amaloledwa kumenya mpira ndi mbali yaphwatalala ya ndodo, osati kumbuyo kwake, ndipo saloledwa kuuponda kapena kuutchinga ndi mwendo. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha mpira utakhudzidwa ndi ndodo ya timu yofuna kugoletsa m'kati mwa mzere wokhota umene umajambulidwa mamita 14.63 kuchokera pagolo.

Mpira wake ndi waung'ono koma wolimba, wolemera magalamu 156 mpaka 163. N'chifukwa chake osewera amavala zotchinga m'miyendo ndi m'mano, ndipo goloboyi amavala chisoti cholimba ndi zotchinga thupi lonse. Oyimbira amakhala awiri. Wolakwa amapatsidwa khadi lobiriwira n'kutuluka kwa mphindi 2, kapena lachikasu n'kutuluka kwa mphindi zosachepera 5, kapena lofiira n'kutulukiratu. Mfundozi zikuonetsa kuti masewerowa sangayende popanda zipangizo, malo osalala ndi anthu odziwa malamulo. Zinthu zitatuzi ndizo ntchito ya bungwe la m'chigawo.

Malo a bungwe la m'chigawo

Pa dziko lonse lapansi, hockey amayang'aniridwa ndi bungwe la FIH, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Mu Africa muli African Hockey Federation. Kuno ku Malawi kuli Hockey Association of Malawi, imene imagwira ntchito pansi pa Malawi National Council of Sports monga mabungwe ena a zamasewero.

Mabungwe akuluakuluwa amakonza malamulo ndi mipikisano ya mayiko, koma safika pa bwalo la sukulu ya kumudzi Loweruka m'mawa. Amene amafikako ndi a komiti ya m'chigawo. Iwowa ndiwo amalemba matimu m'kaundula, kukonza ndandanda ya masewero, kutumiza oyimbira, kuyendera sukulu ndi kusankha osewera oti akaonedwe ndi aphunzitsi a timu ya dziko. Komiti ya m'chigawo ikagona, timu ya dziko imasowa kotola osewera.

Kayendedwe ka chaka

Bungwe loyenda bwino limatsata nyengo ndi kalendala ya sukulu.

M'dzinja, kuyambira Januwale mpaka Malichi, mabwalo a dothi ndi a udzu amakhala matope. Ino si nyengo yongokhala. Ndi nthawi yolembetsa matimu, kutolera ndalama za umembala, kuwerenga ndodo ndi mipira imene yatsala, ndi kuchititsa maphunziro a aphunzitsi a matimu ndi oyimbira, poti maphunziro ambiri otere angathe kuchitikira m'kalasi. Ndi nthawinso yopereka zopempha ku khonsolo ndi kwa ena ofuna kwabwino. Chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lofika mu Juni limapeza ndondomeko ya ndalama itakonzedwa kale.

Mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi, ligi imayamba. Ndandanda iyenera kutuluka masewero asanayambe kuti timu iliyonse idziwe tsiku, bwalo ndi ndalama za ulendo. Pakati pa Meyi ndi Julayi pamakhala mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4. Bungwe lanzeru siliika masewero ofunika a ana a sukulu m'masabata amenewa, chifukwa kholo limene mwana wake walephera mayeso kaamba ka masewero silidzalolanso mng'ono wake kugwira ndodo.

Tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti ndi mpata wosonkhanitsa achinyamata kwa masiku angapo kuti aphunzire luso. Sukulu zikatsegulidwa mu Seputembala, aphunzitsi amalemba ana atsopano olowa m'malo mwa amene amaliza. M'mera mpoyamba: timu imene siilemba ana mu Seputembala imatha yokha pakapita zaka zochepa, ngakhale itatenga chikho chaka chino.

Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, motero masewero amayenera kuchitika m'mawa kapena chakumadzulo, madzi akumwa ali pafupi. Ligi iyenera kutha mvula isanakhazikike. Kenaka pamabwera msonkhano waukulu wa pachaka, pamene wapampando, mlembi ndi msungichuma amapereka malipoti awo kwa mamembala.

Miyezo isanu ya chipambano

Lipoti lonena kuti "chaka chayenda bwino" silithandiza aliyense. Lipoti labwino limayankha mafunso asanu ndi manambala.

Muyezo woyamba ndi masewero amene achitikadi poyerekeza ndi amene anali pa ndandanda. Tiyerekeze kuti ligi ili ndi matimu 6 ndipo timu iliyonse ikumana ndi inzake kawiri. Masewero onse akhala 30. Ngati achitika 18 okha, bungwelo lifotokoze kumene kwapita masewero 12 otsalawo, kaya ndi vuto la mayendedwe, la bwalo kapena la oyimbira.

Muyezo wachiwiri ndi chiwerengero cha osewera olembedwa, anyamata paokha ndi atsikana paokha, poyerekeza ndi chaka chatha. Chiwerengero chophatikiza chimabisa atsikana amene asiya chifukwa chosowa malo osinthira zovala kapena chifukwa masewero amatha kutada.

Muyezo wachitatu ndi aphunzitsi ndi oyimbira amene aphunzitsidwa ndipo akugwirabe ntchito. Setifiketi yosungidwa m'sutukesi siphunzitsa mwana.

Muyezo wachinayi ndi katundu. Ndodo, mipira ndi zovala za goloboyi zimene bungwe lalandira ziyenera kulembedwa m'buku: zinafika zingati, zili ndi yani, zathyoka zingati. Zipangizo za hockey zimachokera kunja ndipo ndi zodula, choncho katundu wopanda kaundula amathera m'nyumba za anthu.

Muyezo wachisanu ndi ndalama. Msungichuma aonetse zolowa, zotuluka ndi malisiti, ndipo munthu wosakhala m'komiti aziunike msonkhano usanachitike. Ndalama zambiri zikathera pa zakudya ndi maalawansi a misonkhano, zochepa n'kupita ku maulendo a matimu, mamembala ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake.

Chikho chimabwera pambuyo pa miyezo isanuyi. Ndi chipatso chake, osati cholowa m'malo mwake.

Zimene mayiko oyandikana nawo akuphunzitsa

Mu 1980, hockey ya amayi inaseweredwa koyamba pa mpikisano wa Olympics ku Moscow. Mayiko angapo atakana kupitako pa zifukwa za ndale, dziko la Zimbabwe, limene linali litangolandira ufulu, linaitanidwa mochedwa. Timu inasonkhanitsidwa mwachangu, koma siinagonje ngakhale kamodzi: inapambana katatu, kulepherana kawiri, n'kutenga mendulo yagolide. Izi zinatheka chifukwa makalabu ndi sukulu zinali zikusewera kwa zaka zambiri mwayiwo usanafike. Komabe osewera onse a timuyo anali azungu, chizindikiro chakuti masewerowa anali atatsekeredwa m'sukulu za anthu ochepa. Bungwe limene limangoyendera sukulu zodula za m'tauni limabwereza vuto lomweli.

Chitsanzo cha Zambia chikuonetsa njira ina. Pali mtundu wa hockey wotchedwa Hockey5s, wa osewera 5 mbali iliyonse, woseweredwa pa bwalo laling'ono lotchingidwa ndi matabwa aafupi m'mbali kuti mpira usatuluketuluke. Anyamata a ku Zambia anafika pa nambala 4 pa mpikisano wa Youth Olympics ku Buenos Aires mu 2018, akupikisana ndi mayiko olemera kwambiri. Mu Januwale 2024, mpikisano woyamba wa dziko lonse wa Hockey5s unachitikira ku Muscat, m'dziko la Oman, kusonyeza kuti mtundu umenewu si wongoseweretsa ana.

Nkhani ya bwalo

Kuyambira pa Olympics ya ku Montreal mu 1976, mipikisano ikuluikulu ya hockey imachitikira pa kapinga wochita kupanga, pomwe mpira umathamanga mofulumira ndi mowongoka. Malawi ali ndi bwalo lotere mumzinda wa Blantyre, pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo mu Novembala 2023 bwaloli linalandira mpikisano wa makalabu a mu Africa. Ichi ndi chinthu chonyaditsa. Komabe walira mvula walira matope: kapinga wotere amafuna mpanda, kusesedwa kawirikawiri ndi ndalama zomusinthira akatha, ndipo mitundu ina imafuna kuthiriridwa madzi masewero asanayambe. Wodi imene ikuvutikabe ndi madzi akumwa singayambire pamenepo.

Poyambira pake ndi malo aang'ono osalala. Bwalo la Hockey5s la mamita 40 m'litali ndi pafupifupi mamita 24 m'lifupi silifika gawo limodzi mwa magawo asanu a bwalo lalikulu. Ndi lokulirapo kuposa la netiboli, ndipo lingakwane pa ngodya ya bwalo la sukulu. Dothi lolimba, losalazidwa ndi lochotsedwa miyala ndi lokwanira kuti ana aphunzire kugwira ndodo, kupatsirana mpira ndi kutchinga. Ndodo 10, mipira ingapo ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa malamulo n'zokwanira kuyambitsa gulu pa sukulu.

Udindo wa anthu a m'wodi

Bungwe la m'chigawo lingabweretse ndodo ndi maphunziro, koma malo ali m'manja mwa eni dera. Choncho ntchito yoyamba ya wodi ndi kuteteza mabwalo amene alipo. Malire a bwalo la sukulu adziwike kwa amfumu, komiti ya sukulu ndi khansala, ndipo alembedwe. Bwalo likagawidwa mapuloti, maziko a nyumba n'kukumbidwa, silibwereranso.

Ntchito yachiwiri ndi kulowetsa masewero m'ndondomeko za chitukuko. Chosowa chilichonse chimayambira ku komiti ya VDC, n'kupita ku ADC, kenaka ku khonsolo. Ngati kusalaza bwalo sikunatchulidwe m'mapulani a m'mudzi, kumavuta kuti kupeze malo pa ndalama za chitukuko monga za CDF. Achinyamata ndi amayi apezeke pa misonkhano imeneyi ndi kuyankhulapo. Ofesi ya zamasewero ya pa boma ndiyo ingalumikize sukulu kapena kalabu ya achinyamata ndi a bungwe la hockey.

Ntchito yachitatu ndi kuteteza ana. Pa ulendo uliwonse wa timu ya atsikana pakhale mayi wamkulu, makolo adziwe kopita ndi nthawi yobwerera, ndipo pabwalo pakhale bokosi la chithandizo choyamba. Mwana asaime pagolo popanda chisoti ndi zotchinga. Ngati zovalazi palibe, ana asewere popanda goloboyi ndipo mpira usanyamulidwe m'mwamba.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC

1. Kodi m'wodi muno muli mabwalo angati, ndipo malire ake analembedwa kuti?
2. Kodi magulu a zamasewero a m'dera lino anapereka liti lipoti la ndalama ndi la katundu kwa mamembala awo?
3. Kodi atsikana amene anali m'matimu chaka chatha alipobe angati, ndipo amene anasiya anasiyiranji?
4. Kodi ndi sukulu iti imene ili ndi malo okwana mamita 40 ndi mamita 24, komanso mphunzitsi wokonzeka kuphunzira hockey?
5. Kodi miyezo isanu ija itagwiritsidwa ntchito pa komiti ya mjigo kapena ya sukulu, zotsatira zake zingakhale zotani?

Mayankho alembedwe m'buku la zokambirana za komiti ndipo aperekedwe kwa khansala dzinja lisanathe, kuti zofunika ndalama zifike ku khonsolo ndondomeko ya chaka chamawa isanatsekedwe.