Theka Lomwe Silinafike

Galaja yomwe ndikufuna muione m'maganizo ili kunja kwa mzinda wa Buffalo, m'chigawo cha New York ku America, komwe mchere wothira m'misewu nyengo ya chisanu umadya magalimoto kunsi mpaka mapaipi a mabuleki kuboola. Ntchito sisowa kumeneko. Mwini galajayo ndi wongoyerekeza, koma malamulo ndi masamu omwe anamugwetsa ndi enieni, ndipo akudikira aliyense wochita bizinesi yaing'ono m'dzikolo.

Anali ndi antchito asanu ndi atatu: amakaniko asanu, mayi wolandira makasitomala ndi kulemba malisiti, mwana wake wamwamuna, ndi mphwake yemwe ankaphunzira kugwira sipanala. Ku America lamulo limakakamiza olemba ntchito anthu 50 kapena kuposerapo kupereka inshuwalansi ya zaumoyo. Iye lamulolo silinkamukhudza. Koma ankadziwa chomwe ntchitoyi imachita ndi thupi la munthu: msana, mawondo, zala, mapapo. Ndipo makaniko wake wamkulu, yemwe ankangomvetsera kulira kwa injini n'kudziwa vuto, anali ndi mwana wodwala shuga wofuna insulin tsiku lililonse. Munthu ngati ameneyu makampani aakulu ogulitsa magalimoto amamusaka, ndipo nyambo yawo ndi inshuwalansi.

Tsiku lina anamva kwa mwini galaja mnzake kuti boma limabweza theka la ndalama za inshuwalansi kwa mabizinesi aang'ono. Mnzakeyo sananame. Lamulo la Affordable Care Act, lomwe Barack Obama anasainira pa 23 Malichi 2010, linabweretsadi thandizoli. Si ndalama yopatsidwa m'manja: bungwe lotolera misonkho la IRS limaichotsa pa msonkho womwe bizinesi imayenera kulipira, dola pa dola. Kuyambira 2010 mpaka 2013 inkafika 35 pa 100 iliyonse, ndipo kuyambira 2014 inakwera kufika 50 pa 100. Mawu omwe mnzakeyo anawameza ndi akuti "kufika". Theka ndi denga, ndipo ochepa okha ndi omwe amalikhudza.

Anaitana antchito ake Lachisanu madzulo atatseka zitseko, n'kuwauza kuti kuyambira Januwale 2022 aliyense adzakhala ndi inshuwalansi, iye adzilipira madola 500 pamwezi pa munthu aliyense, zotsalazo azidula pa malipiro. Masamu ake anali achidule: anthu asanu ndi atatu, madola 48,000 pachaka, boma libweza 24,000. Makaniko wamkulu uja anamugwira dzanja osalankhula kanthu. Pano ndiime pang'ono: chomwe bamboyu anachita chinali chabwino, ndipo sindikufuna wina awerenge nkhaniyi ngati chifukwa chomanira antchito chithandizo. Cholakwa chake chinali kulonjeza asanafunse. Safunsa anadya phula.

Chaka chitatha anapita kwa akauntanti wake ndi mapepala onse.

"Bambo, inshuwalansiyi munaigula kudzera ku SHOP?" akauntantiyo anafunsa.

"SHOP ndiye chiyani, mayi? Ndinagula kwa ejenti amene amandigulitsa inshuwalansi ya nyumba."

Kuyambira 2014, thandizoli limaperekedwa kwa okhawo omwe agula ndondomeko ya inshuwalansi yovomerezeka pansi pa msika wa boma wa mabizinesi aang'ono, womwe umatchedwa SHOP. Ku New York msikawu uli m'manja mwa NY State of Health. Ndondomeko yomwe iye anagula inali yabwinobwino, ya kampani yodziwika, koma sinali ya msikawo. Chaka chonse cha 2022 sanabwezeredwe ngakhale dola imodzi kudzera m'thandizoli. Ejenti uja sanamunamize. Sanafunsidwe, ndiye sanayankhe.

Anasintha, n'kulowa m'ndondomeko yoyenera. Apa ndi pomwe nkhani inayamba kuwawa kwenikweni, chifukwa tsopano anali atatsata njira, koma theka lija linkangochepa likamayandikira.

Choyamba kugwa chinali banja. Pa fomu 8941, yomwe amawerengerapo thandizoli, mwini bizinesi sawerengedwa ngati wantchito, ndipo abale ake apafupi nawonso sawerengedwa: mwana, kholo, mchimwene, mlongo, mwana wa mbale, mpongozi, mlamu. Galaja zambiri zazing'ono zimayenda ndi manja a pachibale, ndipo lamuloli limawachotsa onse. Ndalama zomwe ankalipirira mwana wake ndi mphwake zinatuluka m'masamu. Pa 48,000 panatsala 36,000, theka lake 18,000.

Kenako malipiro. Thandizo lonse lathunthu limapita kwa bizinesi ya antchito 10 kapena kucheperapo, omwe malipiro awo apachaka, mukawaphatikiza n'kugawa mofanana, sapitirira mulingo womwe lamulo linayambira pa madola 25,000, n'kumakwera ndi mitengo ya zinthu. Mu 2024 mulingowo unali 32,400. Kupitirira pamenepo thandizo limayamba kusungunuka, ndipo limatheratu malipiro akafika kawiri ka mulingowo, 64,800. Chimodzimodzi ndi chiwerengero cha antchito: limachepa kuyambira pa 11, n'kuzimiririka pa 25.

Tsono ganizirani makaniko. Si munthu wa malipiro otsikitsitsa. Amagula yekha zida zake zambiri, amaphunzira makompyuta a m'magalimoto atsopano, ndipo malipiro apakatikati a ntchitoyi ku America anali pafupifupi madola 48,000 mu 2023. Galaja yolipira bwino amakaniko ake imadzichotsera yokha thandizo. Palinso kamsampha kena kobisika. Powerengera antchito, munthu mmodzi sawerengedwa maola opitirira 2,080 pachaka, koma ndalama za ovataimu zimawerengedwa zonse. Ndiye miyezi ya chisanu ija, pomwe anyamata ankagwira mpaka usiku kusintha mabatire ndi matayala, inakweza malipiro apakati osakweza chiwerengero cha anthu. Ndipo mphwake uja, yemwe malipiro ake ochepa a wophunzira akanatsitsa mulingowo, sankawerengedwa.

Akauntanti analemba papepala masamu a 2024. Antchito owerengedwa ndi asanu ndi mmodzi, malipiro apakati 48,000. Kuchotsapo 32,400 kutsala 15,600, zomwe ndi pafupifupi 48 pa 100 ya mulingo uja. Gawo limenelo lichoke pa 18,000. Zotsala: madola 9,333.

Bamboyo anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Ankayembekeza 24,000.

Mayiyo sanathere pomwepo. Ndalama za inshuwalansi bizinesi imazichotsa kale pa phindu isanawerengere msonkho, koma ukatenga thandizoli, zochotsazo zimachepa ndi ndalama yofanana ndi thandizolo, choncho phindu lenileni m'thumba ndi lochepera 9,333. Ndiponso ngati chakacho bizinesi sinapindule mokwanira kukhala ndi msonkho waukulu, IRS situmiza cheke cha zotsalazo. Zimabwezedwa ku chaka chimodzi cham'mbuyo kapena kusungidwa mpaka zaka 20 zakutsogolo. Pamene kampani ya inshuwalansi imafuna zake mwezi ndi mwezi, pa tsiku lake. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo uyu anali pachala, kunja kukuomba mphepo.

Sizodabwitsa kuti pomwe ofesi yofufuza za boma ya GAO inaunika nkhaniyi mu 2012, inapeza kuti olemba ntchito pafupifupi 170,300 okha ndi omwe anatenga thandizoli pa chaka cha 2010, pomwe oyenerera ankaganiziridwa kukhala pakati pa 1.4 miliyoni ndi 4 miliyoni. Ambiri anaona kuti ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi mutu womwe masamu ake amapweteketsa. Ine ndimaona kuti lamuloli linalembedwa ndi cholinga chabwino koma ndi anthu omwe sanakhalepo pansi ndi mwini galaja kumapeto kwa mwezi.

Chomaliza ndi chomwe chinathyola msana. Kuyambira 2014 thandizoli limaperekedwa kwa zaka ziwiri zotsatizana basi, kuwerengera chaka choyamba chomwe wapereka fomu 8941. Iye anatenga 2023 ndi 2024. Pofika 2025 linatha, ndipo kusintha dzina la bizinesi kapena kuilembetsanso mwatsopano sikulidzutsa. Mtengo wa inshuwalansi wokha ndi womwe unapitiriza kukwera. Chaka chomwecho makina amodzi onyamulira galimoto anafuna kusinthidwa, lendi nayo inakwera.

Anaganiza njira yomwe inkaoneka yanzeru: kusiya inshuwalansi ya gulu, aliyense akagule yake, abweretse lisiti, iye azibweza madola 300 pamwezi. Mwamwayi ulendo uno anayamba waimbira akauntanti.

"Musayerekeze, bambo. Mukatero popanda dongosolo lovomerezeka, chilango chake chimatha kufika madola 100 patsiku pa wantchito aliyense."

Pachaka zimenezo ndi madola 36,500 pa munthu mmodzi. IRS inachenjeza za mchitidwewu kuyambira 2013. Njira yololedwa ilipo. Lamulo la 21st Century Cures Act la mu Disembala 2016 linakhazikitsa dongosolo la QSEHRA, lolola bizinesi ya antchito osafika 50, yopanda inshuwalansi ya gulu, kubwezera antchito ndalama za inshuwalansi mpaka mulingo woikika pachaka. Mu 2020 kunabweranso lina lotchedwa ICHRA. Koma onsewa amafuna zolemba zake, chidziwitso cholembedwa kwa antchito nthawi isanakwane, ndi kuchitira anthu mofanana. Komanso salowa m'thandizo la theka lija. Akanadziwa zimenezi mu 2021, mwina akanayambira pamenepa, ndi ndalama yomwe galaja ikanakwanitsa chaka chabwino ndi choipa chomwe.

Funso lomwe bamboyu sanadzifunse pachiyambi ndi lomwe ndikupempha inu, ngati muli ndi galaja kapena kabizinesi kena ku America, mulifunse musanasonkhanitse antchito: kodi inshuwalansiyi ndingailipire ndekha chaka chachitatu, boma litachotsa dzanja? Khalani ndi akauntanti mudzaze fomu 8941 mongoyesera, ndi malipiro enieni a chaka chatha, ovataimu ili momwemo, abale mutawachotsa. Funsani ejenti mwachindunji ngati ndondomeko akukugulitsaniyo ndi ya SHOP, ndipo yankho likhale lolembedwa, chifukwa m'madera ambiri a dzikolo makampani anasiya kugulitsa ndondomeko zamtunduwu. Ngati munali oyenerera m'mbuyomu koma simunatenge, mafomu a msonkho amatheka kukonzedwanso, nthawi zambiri mkati mwa zaka zitatu.

Lachisanu lina madzulo, pamalo omwe aja, anawauza antchito ake kuti inshuwalansi ya gulu itha. Anawafotokozera kuti ali ndi masiku 60 olembetsa yawoyawo pamsika wa boma, ndiponso kuti palibe kampani yomwe ingawakane chifukwa cha matenda omwe ali nawo kale. Zonsezo zinali zoona. Makaniko wamkulu anafunsa funso limodzi lokha: ngati dokotala yemwe wakhala akuona mwana wake kwa zaka zitatu adzapezeka m'ndondomeko yatsopanoyo. Bamboyo analibe yankho.

Patatha milungu itatu, kunabwera lole yodzatenga bokosi la zida la makanikoyo, lofiira, lalitali kufika pachifuwa, kupita nalo ku kampani yogulitsa magalimoto ya tsidya lina la msewu waukulu. Pomwe linkakhala panatsala simenti yoyera, yopanda dontho la oyilo, ndipo m'mawa mwake makasitomala awiri anaimba foni kufunsa ngati iye alipo asanabweretse magalimoto awo.