Fyuluta imene malume anatsuka ndi dizilo

Malume anga anagula kalole ka matani atatu ndi ndalama za mbatata ya kachewere. Zaka zinayi akulima m'dimba ku Domue, osadya bwino, osavala bwino, mpaka kalole kanafika pakhomo ife tikululutira. Ntchito yake inali kutuluka mu Ulónguè m'bandakucha, kudutsa pa Mussacama, kutsetsereka mpaka kumsika ku Tete, n'kubwerera usiku.

Itakwana nthawi ya sevisi, m'mwezi wa Ogasiti fumbi lili tolotolo, anapita kwa makaniko wina wachikulire m'tauni. Oilo anagula wabwino ndithu. Koma atamva mtengo wa fyuluta anapukusa mutu.

"Ingotsukani yakaleyo ndi dizilo, muibwezeretse."

"Bambo, musatero," anatero makaniko uja. "Chitini ichi m'kati mwake muli pepala lopindapinda. Limagwira mwaye ndi tizidutswa tachitsulo totekedwa m'injini. Likadzaza ladzaza, silitsukika."

Malume anaumirira, ndipo anatero kawiri konse.

Chimene sanadziwe n'chakuti fyuluta ikatsekeka, injini siima pomwepo ayi. Pali kavavu kamene kamatseguka kuti oilo alambalale pepala lija, poopa kuti injini ingaume. Galimoto imalirabe bwinobwino, mwini wake n'kumati zonse zili m'chimake, pamene oilo wosasefedwa akuzungulira ndi zinyalala zake, kupala mabeyaringi ngati mchenga pa mphika.

Tsiku lina mu Okutobala, atapakira matumba mpaka pamwamba, kanyali kofiira ka oilo kanayamba kuphethira akuyandikira Moatize. Anati afike kaye. Posakhalitsa injini inayamba kugogoda, kenako zii. Yanoka. Mbatata inakhala masiku awiri padzuwa la kuchigwa, yambiri n'kuwola. Kuti akonzetse injini anagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo, ndipo chaka chimenecho azakhali anatuta chimanga pamutu.

Inu muli ndi galimoto, mverani. Mukasintha oilo, sinthaninso fyuluta tsiku lomwelo. Tsatani makilomita olembedwa m'buku la galimoto yanu. Magalimoto ambiri akale a dizilo amafuna sevisi pa makilomita 5,000, ndipo misewu yathu yafumbi siilola kuchedwetsa. Gulani fyuluta ya nambala yoyenera injini yanu, osati yongofanana maonekedwe, ndipo chenjerani ndi zotchipa zosadziwika kochokera. Poika, onetsetsani kuti labala wa fyuluta yakale sanakakamire pa injini, pakani oilo pang'ono pa labala watsopano, mangani ndi manja, lizani injini, suzumirani pansi ngati sipakudontha. Kanyali kofiira kakayaka muli paulendo, imani pomwepo, zimitsani.

Makaniko uja atamasula injini, anawaonetsa malume beyaringi yokalika m'dzanja lake, osanena kanthu. Malume anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Munandiuza, akulu." Mawu a akulu akoma akagonera, koma ng'ombe zija sizinabwerere m'khola.