Kuwerenga usiku wonse

Funso: Mwana wanga akukonzekera mayeso a ZIMSEC. Kuno ku Huruyadzo magetsi amabwera usiku kwambiri, ndiye amawerenga mpaka tambala kulira. Ndimuleke? — Mayi wa ku Chitungwiza

Yankho: Mayi, khama la mwanayo ndi labwino, koma tulo musamumane. Munthu akagona tulo tofa nato, gawo la ubongo lotchedwa hippocampus limabwereza zomwe waphunzira masana n'kuzisungitsa kuti zikhalitse. Wochezera amawerenga tsamba katatu, mawa n'kuiwala. Madokotala amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10.

Magetsi akabwera, tchajani nyali, iye agone. Awerenge madzulo, abwereze m'mamawa asanapite kusukulu. Foni isalowe naye m'bulangete.