Zimene ndaphunzira pomwe achimwene ankasaka ntchito

Anzanga, achimwene anga analemba MSCE zaka zitatu zapitazo, koma ntchito inavuta. Nkhani yawo ndikuidziwa bwino poti foni yawo ndimakatchajitsa ndine pa Lirangwe ndikamabwera kusukulu.

Poyamba ankangodalira magulu a pa WhatsApp ndi Facebook. Tsiku lina anaona uthenga woti kampani ina ikufuna alonda kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, koma wofuna atumize kaye K15,000 ya fomu. Amayi anagulitsa nkhuku ziwiri. Ndalama zitangopita, nambala ija inasiya kupezeka. Usiku umenewo nsima tinadya chete, ngati pamaliro.

Ndiye tamverani: wolemba ntchito weniweni sakulipiritsa kuti ufunsire. Mukaona uthenga wotere, muwauze akuluakulu kwanu afufuze ngati ntchitoyo yalengezedwanso mu The Nation kapena The Daily Times, apo ayi apite okha kuofesi ya kampaniyo akafunse.

Achimwene anasintha njira. Anachita fotokope satifiketi ndi chiphaso cha unzika, n'kumayenda nazo mu envulopu. Zenizenizo zimatsala kunyumba. Kenako anavomera ganyu yotsitsa simenti pa shopu ina ku Lunzu. Anzawo ankawaseka, ati MSCE yonseyo n'kumasenza matumba! Koma mwini shopu ataona kuti salakwitsa masamu, anawaika pa kauntala masiku atatu pa sabata.

Nkhuku ya amayi abweza imodzi. Inayo akuti kumapeto kwa mwezi uno.