Nchito ya Manja Ikhazika Mtima Pansi

Palibe khomo losowa mabvuto. Mwana adwala usiku, cimanga citha m'nkhokwe mwezi wa January usanathe, ndalama za mankhwala zifunika, ndipo uthenga wa maliro ufika mosayembekezeka. Zotere zikaunjikana pa munthu mmodzi, mtima wace uthamanga, mpweya ufupika, tulo tisowa. Thupi litero cifukwa liyesa kuti pali ngozi, ndipo likonzekera kumenya kapena kuthawa, monga licita munthu akakomana ndi cirombo m'thengo. Koma pakhomo palibe cirombo. Pali mkazi, mwamuna ndi ana, ndipo mkwiyo wonse ugwera iwowa. Mwana akwapulidwa cifukwa ca cikho cosweka, ndi mau owawa a usiku umodzi akumbukika caka cathunthu. Phunziro ili linena za njira imodzi yoziziritsa mtima zisanafike pamenepo.

1. Nchito Yace

Citsanzo ndi bambo wosoka mphasa. Anthu atakolola, m'miyezi ya June ndi July, iye adula bango lokhwima m'mbali mwa mtsinje, naliyanika. Likauma aling'amba ndi mpeni, alipala, naliviika m'madzi kuti lifewe. Pamenepo alasa mabango ndi singano yaitali, napitiriza cingwe ca khonje, mzere ndi mzere, kufikira mphasa ikwana. Mkeka uli ndi njira yace: masamba anthete a mlaza aumitsidwa, ang'ambidwa timizere, nalukidwa ngati lamba wamtali, amene asokedwa m'mbali mpaka atambalala. Mlaza ucuruka m'cigwa ca Luangwa, ndipo oyenda pa mseu wa Great East Road, pakati pa Lusaka ndi Chipata, aona madengu ndi zolukaluka zina zirikugulitsidwa pa mlatho wa Luangwa. Ena aluka malicero a nsungwi, ena aumba mbiya, ena aluka majuzi a ana.

2. Cifukwa Cace Itonthoza

Coyamba, manja abwereza cinthu cimodzimodzi mosafulumira, ndipo mpweya ndi mtima zitsata kuyenda kwa manjawo. Wosoka mphasa ali ndi ukali athyola bango kapena adzilasa cala; nchito yomwe imkakamiza kufatsa. Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri, nchitoyi ifuna maso ndi ciwerengo. Woluka licero akaphonya kuwerenga nsungwi, maluwa ace apotoka. Tsono maganizo amene analikuzungulira pa ngongole kapena pa mau a apongozi apeza pena pokhala, napumula.

Cacitatu, nchitoyi iri ndi mathero. Nchito zambiri za pakhomo sizioneka kutha kwace: madzi otungidwa m'mawa atha madzulo, mbale zotsukidwa zidanso. Koma mphasa yosokedwa ikhala, ana agonapo, ndipo mwini wace aona kuti manja ace akhozabe kanthu ngakhale zina zamkanika.

3. Umboni wa Kwina

Asing'anga a cipatala anazindikira izi kale. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, m'zipatala za ku Britain, asilikari olasidwa ndi ena osokonezeka mutu ndi kulira kwa mizinga anaphunzitsidwa kuluka madengu ndi kupeta nsaru, kuti manja alimbe ndi mitima ikhazikike. M'caka ca 2013 akatswiri a ku Britain anasindikiza mayankho a anthu 3,545 oluka ndi ulusi m'maiko osiyanasiyana. Oluka kawirikawiri ndiwo ananena koposa kuti mtima wao ukhala pansi ndi wokondwa.

4. Macitidwe Oyenera

Nthawi isacuruke. Theka la ora tsiku ndi tsiku, pamthunzi masana kapena pakhonde dzuwa lisanalowe, lithandiza koposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Woyamba kumene asankhe kanthu kakang'ono, monga kadengu ka mazira, asadzitopetse ndi nkhokwe. Asayambe ndi kuwerengera mtengo wace, pakuti nchito ya malonda ibwera ndi nkhawa zace. Ndalama ikadza, idze pambuyo. Mwamuna akumbuke kuti mkazi wace nayenso afuna mpata wotere, ndipo atenge mwana wakhanda kanthawi kuti mai agwire singano kapena dothi. Mwana wofuna kuonerera asapitikitsidwe. Apatsidwe bango lace, pakuti ana ambiri aulula zakukhosi pamene maso a kholo ali pa nchito, osati pa iwo. Wodula mlaza asiyeko masamba ena, kuti mtengo usafe.

5. Cenjezo

Mphasa siweruza mlandu. Nchito ya manja iziziritsa mtima kuti munthu akhoze kulankhula bwino; siikhala pothawira nkhani. Bambo wokhala pa bango tsiku lonse, osayankha mkazi wace, waonjeza bvuto. Mtima ukatsika, awiriwo akhale pansi nakambirane, ndipo zikakanika aitane ankhoswe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pamene pali kumenya, womenyedwa asalimbikitsidwe kupirira ndi singano m'manja. Nkhaniyo ipite kwa mfumu ndi kupolisi. Ndiponso munthu amene cisoni cace citenga milungu, osagona, osadya, kapena amene aganiza zodzipha, aperekezedwe kucipatala msanga, pakuti imeneyo ndi nthenda yofuna cithandizo.

Mafunso Okambirana

1. Ndi nthawi iti ya caka pamene mikangano icuruka m'mabanja a m'mudzi muno, ndipo cifukwa ninji?
2. Ndani pakati pa okalamba adziwa nchito ya manja imene anyamata ndi atsikana sanaiphunzire?
3. Mwamuna ndi mkazi angagawane bwanji nchito kuti yense apeze theka la ora lace?