Phungu Ayesedwa ndi Mawu Ake: Phunziro pa a Kanyama Chiume

Anzanga, pa nthawi ya chisankho timamva anthu ambiri akulonjeza milatho, zipatala ndi feteleza. Koma chisankho chikatha, ndani wa ife amene amafunsa chimene phungu wathu wanena m'Nyumba ya Malamulo? Mawu olankhulidwa m'Nyumbamo amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, dzina lochokera ku banja lina la osindikiza mabuku la ku London. M'phunziro lino tiona za phungu mmodzi wakale, a Kanyama Chiume, ndi nkhani zitatu zimene adalimbana nazo: kumene mphamvu za kulamulira ziyenera kukhala, ana a anthu osauka, ndi ubale wa dziko lathu ndi maiko ena. Tiona kuti nkhani zitatuzi nzolumikizana, ndi kuti zonse zimafika mpaka m'minda ya fodya kuno ku Kasungu.

Munthuyo ndi nthawi yake

A Kanyama Chiume adabadwa mu 1929 ku Usisya, m'boma la Nkhata Bay. Adakulira ku Tanganyika, nakaphunzira ku koleji ya Makerere ku Uganda, ndipo adagwirako ntchito ya uphunzitsi. Masiku amenewo Nyumba ya Malamulo inali ku Zomba, ndipo wokhala pampando anali Bwanamkubwa. Kwa zaka zambiri munalibe munthu wakuda m'Nyumbamo. Wotilankhulira anali mmishonale. Mu 1949 mudalowa anthu akuda awiri, ochita kuikidwa ndi Bwanamkubwa. Mu Malichi 1956 ndi pamene mudalowa asanu osankhidwa, ngakhale kuti owasankha anali mabungwe a m'zigawo, osati anthu onse. Asanuwo anali a Chiume, a Henry Masauko Chipembere, a Ralph Chinyama, a N. D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi. A Chiume anali ndi zaka 26 zokha.

Anthu asanu pakati pa anthu oposa 20 sakadapambana pa kukweza manja. Chida chawo chinali pakamwa. A Chiume ndi a Chipembere ankapanikiza akuluakulu a Boma ndi mafunso, natsutsa poyera tsankho la pa khungu. Chimene munthu akadaopa kunena pa msika, phungu ankachinena m'Nyumbamo, ndipo Boma lomwelo linkachisindikiza ndi makina ake. Chotero Hansard idasanduka buku logulidwa kwambiri pakati pa achinyamata odziwa Chingerezi.

Choyamba: mphamvu zikhale kuti?

Mu 1953 Nyasaland idalumikizidwa ndi maiko awiri a Rhodesia m'chimene makolo athu ankachitcha Chitaganya. Mafumu ambiri adakana, ndipo Mfumu Mwase ya kuno ku Kasungu inali pakati pa otsogolera kukanako. Komabe Boma la ku Mangalande lidachita chimene lidafuna. Zipatala, mapositi, asilikali ndi nkhani za maiko akunja zidayamba kulamulidwa kuchokera ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, koma ya Nyasaland inali 7, ndipo iwiri yokha ndiyo munkakhala anthu akuda.

Tsono mfundo yaikulu ya a Chiume ndi anzawo ku Zomba inali iyi: Nyasaland ituluke m'Chitaganya, ndipo eni dziko akhale ochuluka m'Nyumba yawo. Mawu amenewa anali ndi mtengo wake. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Armitage adalamula kuti atsogoleri a Kongeresi amangidwe. Dr Kamuzu Banda, amene adabwerera kwawo pa 6 Julaye 1958, adatengedwa pamodzi ndi anthu mazanamazana, ndipo anthu pafupifupi 50 adaphedwa m'masiku amenewo. A Chiume anali kunja kwa dziko, motero adapulumuka, nakafalitsa nkhaniyo ku London. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963.

Koma kodi mphamvu zikachoka ku Salisbury n'kufika ku Zomba ndiye kuti zafika kwa anthu? Iyayi, pakuti munthu wa kwa Santhe kapena wa kwa Kaluluma, Zomba nakonso nkutali. Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, a Chiume, amene tsopano anali phungu wa Rumphi, adakhala Nduna ya Maphunziro. Pa nthawi yawoyo, mu 1962, Nyumba idakhazikitsa lamulo la maphunziro limene lidapatsa makhonsolo a m'maboma ntchito yoyang'anira sukulu za pulaimale. Nzeru yake njosavuta: wodziwa kuti denga la sukulu lasasuka ndi amene amakhala pafupi nalo.

Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, mphamvu za makhonsolo zidayamba kubwerera ku likulu pang'onopang'ono. Lamulo latsopano la maboma aang'ono lidadza mu 1998, ndipo ndi limene timalidziwa ndi mawu akuti mphamvu ku anthu. Makhansala adasankhidwa mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala. Apa tiphunzirapo kuti mphamvu zimatsika movutikira, koma zimakwera msanga ngati palibe ozilondera.

Chachiwiri: mwana wa munthu wosauka

Pamene a Chiume ankalowa m'Nyumba ya Malamulo, sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndi zala. Ya ku Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ya ku Dedza mu 1951. Mwana wa ku Kasungu, ngakhale wanzeru chotani, ankafunika fizi ndi ndalama ya ulendo wautali, ndipo ambiri ankangothera m'munda kapena ku migodi. Pa nthawi ya unduna wa a Chiume Boma lidayamba kuchulukitsa sukulu za sekondale m'maboma, makamaka zoyendera, kuti mwana aphunzire pafupi ndi kwawo.

Nkhani ina idabuka dziko litangolandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Dr Banda, amene anali Nduna Yaikulu, adafuna kuti wodwala aliyense azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu, pa chipatala cha Boma. Chifukwa chake chinali chakuti thumba la Boma linali loperewera, ndipo linkadalira thandizo la ku Mangalande. A Chiume ndi nduna zina sadagwirizane nazo. Kwa kalaliki wa pa malipiro tiki inali yochepa. Koma mayi wa kumudzi, amene amaona ndalama kamodzi pa chaka mbewu zikagulitsidwa, tiki ikadamsankhitsa pakati pa mchere ndi mankhwala a mwana wodwala malungo.

Kuchokera apo Nyumba yachita zambiri pa nkhani ya ana. Mu 1994 fizi ya ku pulaimale idathetsedwa, ndipo ana a sukulu adachuluka kuchokera pafupi 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Lamulo la ntchito la mu 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita ku pulaimale, ndipo mu 2021 aphungu adathetsa mwa lamulo utenanti wa m'maesiteti. Koma ife okhala m'chigwa cha fodya tikudziwa kuti miyezi ya kuthyola ndi kusoka, mabenchi ena m'kalasi amakhala opanda eni ake, pakuti eni akewo ali m'zigafa. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo likadali pa pepala lili pachala. Lifika pamphuno tsiku limene mwanayo wabwerera m'kalasi.

Chachitatu: abwenzi a kunja

A Chiume adali munthu woyendayenda. Mu Disembala 1958 adakhala nawo pa msonkhano waukulu wa anthu a mu Africa ku Accra, ndipo mu 1964 adakhala Nduna yoona za Maiko Akunja. Iwo ankafuna kuti Malawi aime pamodzi ndi omenyera ufulu ku Mozambique ndi ku South Africa, ndi kuti apalane ubwenzi ndi China ya ku Beijing, imene idalonjeza thandizo la ndalama. Dr Banda adaona mwina. Dziko lathu lilibe doko la pa nyanja yamchere. Fodya ndi tiyi zinkayenda pa njanji kupita ku Beira, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo amuna zikwizikwi ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia. Kwa iwo, kuyambana ndi eni njira kunali kutsekera ana pakamwa. Wophunzira wabwino ayenera kumvetsa mbali zonse ziwiri asanaweruze.

Mkanganowo udakula, pamodzi ndi wa tiki ndi wa malipiro a ogwira ntchito m'Boma. Pa 7 Seputembala 1964 a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo adachotsedwa pa maudindo awo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Chipembere adatula pansi okha. Pa 8 ndi 9 Seputembala Nyumba idakumana ku Zomba. Mbali zonse zidalankhula, ndipo potsiriza aphungu adavomereza kuti akukhulupirira Dr Banda. Kuyambira pamenepo mawu otsutsa adazilala m'Nyumbamo kwa zaka 30. A Chiume adathawira ku Tanzania, ndipo adabwerera kwawo mu 1994.

Malawi adapalana ubale ndi Taiwan mu 1966, ndi South Africa mu 1967. A Chiume adamwalira ku New York mu Novembala 2007, ndipo mwezi wotsatira womwewo Malawi adasaina ubale ndi Beijing. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2010, idamangidwa ndi ndalama za China.

Pamene zitatuzi zikumana

Wina angati nkhani za kunja nza akuluakulu, sizikhudza mlimi. Taonani chimene chidachitika mu Novembala 2019. Boma la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani ya kugwiritsa ana ntchito ndi ntchito ya kalavulagaga, ndipo makampani ena adaloledwanso pambuyo pake atasonyeza kuti akonza zinthu. Mwana mmodzi wosoka fodya m'chigafa asanduka nkhani ya pakati pa maiko. Nkhaniyo ibwerera kudzagwedeza msika wa ku Chinkhoma. Ndipo woyenera kumpeza mwanayo n'kumbwezera ku sukulu si nduna ya ku Lilongwe, koma mfumu, khansala ndi komiti ya sukulu, ngati ali ndi mphamvu ndi ndalama zochitira ntchitoyo.

Tsono, anzanga, Nyumba ya Malamulo imalankhula Chingerezi, chimene makolo athu ambiri sachimva. Ife tikuchiphunzira. Ndi udindo wathu kumvetsera zokambirana za aphungu pa wailesi, kupempha aphunzitsi athu kuti atithandize kupeza Hansard, ndi kukafotokozera a kunyumba. Phungu akabwera kudzapempha mavoti, tisamfunse za mphatso. Timfunse chimene adanena pa zitatuzi, ndi tsiku limene adanenera.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chifukwa chiyani aphungu asanu a mu 1956 adatchuka ngakhale anali ochepa?
2. Ndi ntchito ziti za pa sukulu pano zimene zingayende bwino zitakhala m'manja mwa khonsolo?
3. Mukadakhala phungu wa Kasungu pa 8 Seputembala 1964, mukadanena chiyani za tiki ndi za njanji ya ku Beira?